Denga Landikana

Lachisanu, 1 Malichi

Lero tazimitsa boyila, ng'anjo ya malasha ya pa fakitale. Kuzimitsiratu. Fakitale yalandira ndalama za boma kuti isiye malasha, iyambe kugwiritsa ntchito magetsi a dzuwa. Makina atsopanowo safuna munthu wa fosholo. Bwana anatisonkhanitsa pabwalo. Mawu okoma okhaokha: mpweya wabwino, tsogolo la ana athu. Tinawomba m'manja. Inenso ndinawomba nawo, kaya chifukwa chiyani.

Mnzanga Ndevu, amene ndakhala ndikuponya naye malasha chiyambire unyamata wathu, anandinong'oneza kuti, "Mpweya wabwino kunja, m'mimbamu namonso mpweya." Ndinaseka mpaka misozi. Kenako misoziyo inakana kuleka.

Ovolosi ndabwera nayo. M'makutu muli zii. Sindinazolowere.

Lachiwiri, 12 Malichi

Ku ofesi ya zantchito. Mzere mpaka kumsewu. Akuti pa ndalama zomwezo pali gawo lophunzitsira ife ochotsedwa ntchito kuika masola pa nyumba za anthu. Maphunziro aulere, ndi kangachepe koyendera. Womaliza alandira satifiketi, ndipo makampani akudikirira pakhomo. Akutero.

Ndevu wakana. "Ndi imvi izi ndikakhale pa desiki?" Wapeza ulonda pa sitolo ya matayala.

Ine ndalembetsa. Mtsikana wolembayo anayang'ana chiphaso changa, n'kuyang'ana ine, n'kubwereranso pa chiphaso.

Mayi akunyumba asangalala. Akuti mwina ndisiya kutsokomola zakuda. Fizi ya Mzime, mwana wathu womaliza, teremu ino yatheka. Ya teremu yamawa adziwa ndi Mulungu.

Lachiwiri, 2 Epulo

Tsiku loyamba. Chipinda chachikulu, kale inali galaja ya mabasi. Mafuta akadanunkha pansi. Anzanga onse ndi misinkhu ya ana anga. Dzina andipatsa kale: Madala. Aphunzitsi ndi mayi wachitsikana, wamfupi, mawu ngati belu. Nditalowa anaimirira, kuganiza kuti ndine woyendera sukulu wochokera ku boma. Kalasi yonse phwete.

Cholembera chikuterereka m'zala. Zala zinazolowera mpini.

Lachitatu, 10 Epulo

Mawaya ndawagwira mtima. Wofiira apa, wakuda apa, batire, kenako babu n'kuyaka. Linayaka langa! Ndinayang'ana uku ndi uku ngati mwana. Aphunzitsi anati, "Bambo, manja anu ndi odekha." Ndakhala ndikuwabwereza mawuwo njira yonse.

Kunyumba ndakonza soketi ya kuchipinda imene inafa chaka chatha. Mzime amandiunikira ndi foni, mafunso mbwee. Mwanayu akufuna unamwino, koma chilichonse chimamukoka.

Kangachepe koyendera kaja sikanabwere. Ndikuyenda wapansi. Nsapato yakumanzere yayamba kuseka.

Lolemba, 22 Epulo

Makwerero.

Kuseri kwa galaja anamanga kadenga ka malata kophunzirirapo. Lamba m'chiuno, chipewa cholimba kumutu, awiriawiri. Aphunzitsi akuti mutu umodzi susenza denga. Ndinati ine sindikufuna kulisenza, kungolikwera basi. Anaseka. Kuseka kwanga kunathera pomwepo.

Nditafika pakati, ndinangoti chilili. Pansi pakuzungulira, khoma likupendekeka. Thukuta kamukamu. Ndinakumbatira makwerero ngati mwana pamsana pa mayi wake. Wina pansi anakuwa, "Madala, mwapeza chibwenzi pamenepo?"

Moyo wanga wonse ndagwira ntchito pansi, m'chipinda cha moto. Sindinkadziwa kuti ndili ndi nthenda imeneyi.

Kunyumba ndati tsiku layenda bwino.

Lachinayi, 25 Epulo

Ndajomba m'mawa, ndapita kuchipatala. Namwino anandimanga mkono, n'kupima kawiri. Magazi akuthamanga kwambiri. Anafunsa ntchito yanga. Nditamuuza anaika cholembera pansi. "Bambo, ngakhale pamwamba pa mpando musakwerepo." Mapiritsi wandipatsa. Ndawabisa m'thumba la ovolosi.

Pobwerera ndinadzera kwa Ndevu. Ali pa kampando, chibonga pamiyendo, maso ofiira. Waonda. Akuti usiku amalotabe akuponya malasha ali chikhalire. Ndinafuna kumuuza za makwerero. Sindinathe. Tinangokamba za mpira.

Lamulungu, 28 Epulo

Ndinabwereka makwerero kwa aneba, ndati ndiyesere pa nyumba yathu anthu ali kutchalitchi. Denga lathu ndi lalifupi, mwana akhoza kuponyapo mpira. Zomwezija. Pakati pomwe.

Mayi akunyumba anabwerera msanga, anandipeza nditakakamira pamenepo, maso otseka. Sanakuwe. Anagwira makwerero mpaka ndinatsika. Kenako anatulutsa mapiritsi aja m'chikwama chawo. Kani anawapeza pochapa.

"Bambo a Mzime, mukagwa, bomalo lidzandipatsa mwamuna wina?"

Ndinati palibenso kwina kolowera. Madzulo ndinawamva akufunsa aneba ngati kumsika kukupezeka malo ogulitsirapo zovala zakaunjika.

Lolemba, 13 Meyi

Mayeso a padenga. Popanda amenewa palibe satifiketi.

Ndinamwa mapiritsi m'mawa. Ndinadziuza kuti ndiyang'ane khoma lokha, osati pansi. Phazi, dzanja, phazi, dzanja. Ndinafika! Bondo pa malata. Pansi ana aja akuimba mluzu, "Madala! Madala!"

Kenako anandipatsira panelo la sola. Kuti ndilandire, ndinayenera kusiya pogwira, kuimirira, kutembenuka. Mphepo inalikankha ngati chitseko. M'maso munada. Ndinagona chafufumimba pa malata otentha, zala m'mipata, osatha kusuntha ngakhale chala. Panelo linatsetsereka. Phokoso la galasi pansi.

Ananditsitsa anyamata awiri ndi chingwe, ngati thumba la simenti. Panalibe woseka. Bola akanaseka.

Lachiwiri, 14 Meyi

Sindinapite.

Lachitatu, 15 Meyi

Sindinapite. Patsaya pali chilonda cha malata. Mzime wandipaka mankhwala, dzanja lake lopepuka ngati namwino weniweni. Sanafunse kanthu. Ndiye kuti mayi ake amuuza.

Lachisanu, 24 Meyi

Aphunzitsi abwera okha kunyumba. Manyazi. Mpando wabwino ndi umodzi, ndinawapatsa. Za panelo akuti ndisadandaule, alemba kuti inali mphepo. Anayesa kundipempherera kwa akuluakulu kuti ndipatsidwe pepala la mawaya okha, ntchito ya pansi. Akana. Malamulo a ndalamazo amafuna munthu wathunthu, wapansi ndi wapadenga. Makampani nawonso safuna kulemba anthu awiri pa ntchito ya mmodzi.

Potuluka, tili pa geti, anatsitsa mawu. Akuti gulu lathuli mwina ndi lomaliza. Ndalama za gulu lachiwiri zaimitsidwa, kumtunda ku boma kwasintha anthu, ndipo aphunzitsiwo nawonso mwezi wamawa sakudziwa ngati ali pa ntchito. "Musauze anthu, bambo, sanalengeze."

Ndinawaperekeza mpaka pa msewu. Nawonso kani amayenda wapansi.

Lolemba, 3 Juni

Anzanga alandira masatifiketi. Mmodzi wanditumizira chithunzi, onse atavala zipewa, akumwetulira. Pansi walemba kuti, takusowani Madala. Mwana wabwino. Ndafufuta.

Ndazungulira mafakitale a mbali ya njanji. Amene akadali ndi boyila ali ndi anthu awo, ndipo nawonso akudikira tsiku lawo. Pena mlonda sanandilole n'kulowa komwe.

Mzime wabwezedwa kusukulu. Yunifolomu waichapa, waisita, waipinda bwinobwino, waiika pansi pa sutikesi. Kusita kumeneko ndi kumene kwandipweteka.

Loweruka, 15 Juni

Mayi akunyumba ayamba kumsika. Abwera mapazi otupa, zovala zambiri zabwerera. Ine ndatsuka mbale, aneba akuonera pa mpanda. Aone.

Mzime watulutsa makope anga a ku galaja. Wakhala nawo tsiku lonse pakhonde. Madzulo anabwera kudzakhala pafupi nane, nkhope yowala, koyamba chimubwezereni kusukulu. "Ababa, gulu lachiwiri likatsegulidwa ndikalembetsa ine. Inu muzidzapanga za pansi, ine za padenga. Kampani yathuyathu. Unamwino udzandipeza."

Mayi ake anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka kugwira m'nthiti. Nyumba yonse inapepuka.

Pakamwa panga panali mawu a aphunzitsi aja. Ndinawameza. Ndinati ndi nzeru yabwino.

Lamulungu, 16 Juni

Sindinagone bwino. Ndimuuze Mzime lero. Ayi, mawa. Mwina alengeza zina, mwina kumtundako asintha maganizo. Ndikudzinamiza, ndikudziwa.

Wapita yekha kwa aneba kukabwereka makwerero. Wavala ovolosi yanga, wapinda miyendo ndi mikono. Ndikumuona pa zenera. Akuwayedzamiritsa kukhoma molakwika, aimirira kwambiri, akhoza kumugwetsa chagada.

Akundiitana. Akuti ndikamugwirire.