Zenera la galimoto ya amuna anga: ndiwauze kapena ndikhale chete?

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi zala ziwiri zili zomanga ndi kansalu, koma mtima uli mbee. Vuto langa ndi lachilendo. Ndachita chinthu chachikulu, ndipo ndikusowa womuuza.

Amuna anga ali ku Harare, chaka chino n'chachiwiri. Pochoka anasiya galimoto yawo m'chisakasa kuseri kwa nyumba, ataikweza pa njerwa. Ndi yakuda, yopangidwa nkhondo yachiwiri isanayambe, ndipo anaigula kwa mzungu wa fodya amene ankabwerera kwawo. Mawu awo omaliza sanali okhudza ine kapena ana. Anati, "Munthu asayandikire galimotoyi, ngakhale inu amene." Alongo awo, a Ursula, amabwera mwezi ndi mwezi kuchokera ku Likuni kudzaiona. Amaizungulira kawiri asanandipatse moni. Iwo amati ndi chuma cha kubanja kwawo, ndipo ananena pamaso pa ankhoswe kuti tsiku limene idzapezeke ndi chilema, ine ndidzamange katundu wanga ndibwerere kwathu ku Dowa.

Ine ndimasoka madiresi pakhomo ndi makina opukusa ndi dzanja. Kalilole wamkulu ndilibe. Tsiku lina ndikusesa m'chisakasamo ndinadziona bwinobwino m'zenera la kutsogolo chakumanzere, mbali imene ndinkakhala ine tikamapita kutchalitchi. Ndinapachika nsalu yakuda m'kati mwake, ndipo zeneralo linasanduka kalilole woposa wa m'sitolo. Kwa miyezi isanu ndi umodzi amayi onse odzayesa madiresi ndinkawatengera kumeneko. Ndikudziwa, Aphungu, ndinaswa lamulo.

Mu Okutobala kunabwera Eneless kudzayesa diresi lake laukwati. Ndinatsegula chitseko kuti ndikonze nsalu ija, osaona kuti galasi latsetsereka lili theka. Ndinatseka mwamphamvu chifukwa cha changu. Ndinangomva kuti phwaa, zidutswa n'kugwera m'mimba mwa chitseko. Eneless anagwira pakamwa. Ine ndinakhala pansi.

M'mawa mwake ndinawoloka mlatho kupita kwa a Harilal, amene amagulitsa misomali ndi magalasi a nyumba. Atamva za galimotoyo anapukusa mutu. Anati, "Mayi, imeneyo inabadwa sitolo yanga isanamangidwe. Galasi lake simulipeza ngakhale ku Limbe." Ndinati andidulire la zenera la nyumba. Anakana. Anati limenelo likasweka pamsewu limacheka khosi la munthu, ndipo iwo sangagulitse. Koma ananditumiza kwa a Bwanali, mmisiri wopanga mafulemu a zithunzi pafupi ndi mzikiti.

A Bwanali anali ndi magalasi awiri a kutsogolo kwa lole ya fodya imene inagubuduka kalekale, athyathyathya, a mtundu womata pawiri umene sumwazika ukasweka. Anati, "Ndibweretsereni muyeso, ndikudulirani." Apo mtima unakhala pansi, chifukwa muyeso ndiyo ntchito yanga. Ndinamasula chikuto cha m'kati mwa chitseko ndi kasikuludiraiva ka makina anga, n'kutola zidutswa zonse, zimene zinandicheka zala ziwiri. Ndinaziyala panyuzipepala, pepani, panali patsamba lanu lomwe, ndinazilumikiza, n'kujambula patani ndi choko monga ndichitira ndi diresi.

Apa ndi pamene ndinalakwa. Dzanja langa lazolowera. Podula patani ndinasiya theka la inchi kuzungulira konse, malo a msoko. Sindinaganize n'komwe. A Bwanali anadula mokhulupirika, ine ndinasenza galasi m'bulangete mpaka kunyumba, koma polilowetsa linakana. Nditabwerera nalo, anaika patani yanga pa chidutswa chakale, n'kuseka mpaka misozi. Anati, "Mayi, mumafuna mukalipinde m'mphepete? Galasi sasiyira msoko." Anayesa kulichepetsa, koma linathetheka. Linatsala limodzi lokha mu Lilongwe monse, ndipo a Ursula anali oti abwera Loweruka.

Patani yachiwiri ndinaidula pakatoni, ndikulankhula ndi dzanja langa ngati mwana wosamva. Ndinailowetsa m'chitseko, kuikweza ndi kuitsitsa kakhumi, ndisanapite nayo. A Bwanali analemba mzere mbali zonse ziwiri, anathira sipiriti, anayatsa moto kuti chomatira cha pakati chifewe, galasi n'kulekana bwinobwino. M'mphepete anakwecha ndi mwala. Kunyumba ndinalikhazika m'kachitsulo kake ka pansi ndi kachidutswa ka chubu cha njinga, ndinadontheza mafuta a makina m'mano a chopukusira, n'kubwezera chikuto. Nditapukusa, galasi linakwera lokha mwakachetechete mpaka pamwamba. Ndinavina ndekha m'chisakasa, ine mayi wa ana atatu.

Loweruka a Ursula anazungulira kawiri monga mwa masiku onse. Anaima pa zenera langa lija nthawi yaitali. Magalasi atatu akale ndi ofiirira, langa ndi loyera kuti mbee. Ndinati basi zanga zada. Kenaka anati, "Mulamu, ulesi bwanji? Mwatsuka limodzi lokhali. Enawa atsuke ndani?"

Tsopano amuna anga alemba kuti atsika sitima ku Salima sabata ya Khirisimasi. Akazi a a Bwanali, a Asiatu, amene ndinawasokera diresi pothokoza, akuti ndisunge pakamwa, mwamuna saona zotere. Koma dalaivala wa a Harilal wabwera kale kudzapempha kuti ndimudulire patani ya zenera la vani. Ndikaulula, ndiulula za kalilole uja, ndipo banja langa likhoza kutha. Ndikakhala chete, ntchito yabwino koposa imene manja anga anagwirapo sadzaidziwa munthu amene ndikufuna aidziwe. Nditani?

Mayi S. K.,
Lilongwe

Mayi S. K.,

Choyamba landirani ulemu wanu. Ndikudziwa amuna a mabuluku a girizi amene akanakhoma katoni pazenerapo n'kumanena kuti akudikira galasi lochokera ku Ulaya. Inu munafunsa, munalakwitsa, munabwerezanso, ndipo zenera likukwera. Za tsamba langa musadandaule. Ena amakulungira usipa.

Koma musandinamize kuti mukufuna malangizo a kukhala chete. Munthu wofuna kubisa salemba mmene anavinira m'chisakasa. Auzeni amuna anu, ndipo muyambe ndi cholakwa. Anakuletsani, inu munatsegula chitseko miyezi isanu ndi umodzi, ndi alendo omwe. Nenani zimenezo poyera, osazungulira, osamukankhira Eneless. Mukatero ndiye munene za a Harilal, a Bwanali ndi msoko uja. Nkhani ya msoko musaisiye. Mwamuna akaseka, mkwiyo wake watha theka.

Zidutswa za galasi lakale musataye. Zikulungeni pamodzi ndi patani zonse ziwiri, adzaone okha kukula kwa ntchito. Pitaninso kwa ankhoswe anu sabata ino muwafotokozere, chifukwa mawu a a Ursula ananenedwa pamaso pawo. A Ursula anati galimoto ikadzapezeka ndi chilema. Mwini mawuyo anaiyendera Loweruka, ndipo chimene anapeza ndi ulesi wotsuka. Ankhoswe akumbukire zimenezo.

Za zeneralo, ntchito yatsala pang'ono. Mvula yayamba. Pansi pa chitseko pali timabowo totulutsa madzi, ndipo tizidutswa ta galasi timakonda kutseka pamenepo. Tokosani ndi singano yolukira, apo ayi chitseko chidzawola ndi dzimbiri. Onaninso m'ngalande mmene galasi limayenda. Ngati kansalu ka m'menemo kanatha, dulani timizere ta chipewa chakale chofewa mumatemo, kuti galasi lisamagunde chitsulo pamsewu wa mabampu wa ku Dowa. Mafuta a makina ndi opepuka, sakhalitsa. Pemphani girizi pang'ono kwa dalaivala wa vani uja, ndipo patani yake mudulireni, popanda msoko. Kenaka gulani kalilole. Galimoto yagwira ntchito imeneyo mokwanira.

Chenjezo langa lili pawiri. A Ursula musawaseke pagulu. Tsiku limene adzadziwe kuti anayamikira galasi la lole, manyazi adzawawawa kuposa mmene mukuganizira, ndipo munthu wamanyazi amafuna pobwezera. Auzeni muli awiri, muwathire tiyi, muwayese muyeso wa diresi la Khirisimasi.

Lachiwiri ndi lofulumira. Mwabisa dzina lanu, inde. Koma pa boma la Lilongwe pali galimoto zakuda zingati zokhala pa njerwa, mwini wake ali ku Harare, mlongo wake ali ku Likuni? Nyuzipepala ino imafika ku Harare, ndipo anthu akwathu kumeneko amaiwerenga mokweza Lamulungu, wina akumasulira mnzake. Funso lanu mwaliyankha nokha tsiku limene munaika sitampa. Ndaigwira kalata yanu sabata imodzi ndisanaisindikize, ndipo ndinakutumizirani mawu kudzera kwa a Harilal kuti mulembere amuna anu msanga. Ndikhulupirira munatero, kuti amve kwa inu asanamve kwa anzawo.

Ndipo inu bambo a galimoto yakuda, popeza ndikudziwa kuti mukuwerenga: munasiya galimoto ya mazenera anayi, mukaipeza ya mazenera anayi. Mukafika, musanatsegule pakamwa, lowani m'chisakasa mupukuse onse. Limene likakwere osalira ndi la mbali imene amakhala akazi anu. Galimotoyo itsitseni pa njerwapo, muwatsegulire chitseko, akhalepo.

Aphungu