Mitsinje Itatu Imene Yandithawa

Wokondedwa mwana wanga Perlita,

Inday, kamtsikana kanga, uli bwanji ku Hong Kong'ko? Chifuwa chija chinakusiya? Ife kuno tadzuka, kungoti mawondo ndiwo akana. Mpunga wacha, koma mbalame zayamba kale kutithandiza kukolola. Akulemba kalatayi ndi aphunzitsi a Consolacion, opuma pantchito aja, ine ndikungolankhula. Ndawauza kuti asakongoletse kanthu.

Ndi iwo amene anayamba kundiuza za liwu limene ndikufuna ndikusimbire. Anabwera Lachiwiri ndi kalata yochokera ku tauni, akuseka asanakhale n'komwe pansi. Akuti Manong Meliton (ndi mmene amanditchulira mwaulemu), sambani ndithu, mwasanduka munthu wamkulu, Loweruka mukalandire pepala laulemu. Ndinati ulemu wa chiyani, ine wosaina ndi chala? Akuti alemba m'Chingerezi kuti ndinu "eminent" pakati pa oimba nthano zakale.

Ndinafunsa ngati amenewo ndi matenda. Anandibaya ndi ambulera. Akuti liwuli silinayambire kwa Amereka ayi, linachokera m'chinenero chakale cha ku Roma, chija ansembe ankapempherera ife tili ana. Kumeneko linkanena chinthu chotumphuka pamwamba pa zinzake, ngati phiri kapena thanthwe. Kenako anthu anayamba kutchulira nalo madokotala otchuka, oweruza ndi akuluakulu a mpingo. Akuti saliwonongera pa munthu wamba, ndipo munthu sadzitchula nalo yekha, amachita kumutchula ena.

Ndinakondwa, ndisaname. Ndinabwereka malaya oyera kwa amalume ako, ndi kukwera njinga yamoto mpaka kuholo.

Kumeneko anandipatsa mphindi khumi. Nthano imene amayi anga ankaimba masiku atatu! Ndinasankha paja mwamuna amapalasa bwato kukatenga mkazi wake kwa akufa, n'kudutsa mitsinje isanu ndi iwiri, uliwonse ndi dzina lake. Ndinatchula woyamba, wachiwiri, mpaka wachinayi. Wachisanu, zii. M'mutu munangoti mbee ngati mbale yotsuka.

Ukudziwa chimene ndinachita? Ndinaikapo maina a mitsinje yathu yomweyi, uja mumachapirako zovala, mpaka kamtsinje kaja timamwetsako njati zolimira. Ndinadikira kuti wina adzuke andikalipire. Akanakhala amayi, bwenzi chipande chitandipeza pamphumi. Koma anaomba m'manja, Inday, ena mpaka kuimirira, mafoni m'mwamba. Mkulu wina wa tayi akuti sanamvepo nthano yosungidwa bwino chonchi. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anadziwa kuti ndanama.

Pobwerera ndi aphunzitsi, tili pamlatho, ndinaona mwala uja wa pakati pa mtsinje, umene unkakonda kudumphirapo. Nthawi ya mvula suoneka. Pano waima wokha poyera. Ndinauza aphunzitsi kuti liwu lanu lija tsopano ndalimva: mwalawo sunakule, madzi ndiwo aphwa. Tinalipo oimba khumi ndi awiri m'chigwa chino, ine ndinali wakumapeto, ankandiseka kuti ndimalira ngati tambala wa chimfine. Lero ndatumphuka chifukwa anzanga ali m'manda. Aphunzitsi anangoyang'ana madziwo. Ngakhale pano akungolemba, osadzutsa mutu.

Tsono ndikuuze zimene ndimalephera pafoni, paja iwe umangofunsa za mankhwala, abwana ako n'kukuitana. Uli ndi zaka zisanu ndi zinayi unkaimba mitsinje yonseyo uku ukusinja mpunga, osaphonya. Ndine ndinakuletsa. Ndinati siya za kumapiri izi, adzakuseka kusukulu, phunzira Chingerezi udzadye bwino. Unalira, koma unamvera. Chingerezicho lero chandipatsa pepala, iwe chinakutenga.

Sindikuti ubwere, ndikudziwa sungathe. Ndikungopempha kuti ukamatsuka mbale za anthu kumeneko, uziyesa kuiimba chamumtima. Likabwera dzina ngakhale limodzi, ulilembe msanga pa chilichonse, ngakhale padzanja. Komatu zaka makumi atatu n'zambiri. Ukapanda kupeza kanthu usadzimvere chisoni, wolakwa ndine.

Titabwerako kuholo kuja, m'mawa mwake ndinapita kwa azakhali ako, achemwali anga aakulu Manang Tarsila, amene tinaphunzirira limodzi pamiyendo ya amayi. Nzeru zawo zinasokonekera chaka chatha, ukudziwa. Ndinawapeza pakhonde akuyang'ana nkhuku. Ananditcha Tatay, poyesa ndine bambo athu, n'kufunsa ngati ndagula mchere.

Ndinakhala pansi ndi kuyamba kuimba. Maso awo anawala, ananditsatira mtsinje woyamba mpaka wachinayi. Pa wachisanu ndinakhala chete kuti apitirize okha. Anapitiriza ndithu, Inday, nyimbo yonse bwinobwino, kukwera ndi kutsika kwake, koma pakamwa potseka, popanda dzina ndi limodzi lomwe. Atamaliza anandigwira dzanja, akuti Tatay, kodi mwamuna uja anafika kwa mkazi wake? Ndinati ayi Manang, akadali pamadzi.

Mulungu akusunge m'nyumba za eni, akupatse mafupa olimba. Undiperekere moni kwa msuweni wako Nenita mukakumana kutchalitchi. Za pepalalo usamuuze.

Ndine bambo ako,
Meliton
(chala changa ndi ichi)