Buleka Yachisanu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi msana uja unasiya kukuvutani, kapena mukukwerabe mapolo a magetsi ngati kamnyamata? Kuno tilipo, tikupuma. Amayi akudya bwino masiku ano, koma mkono ndi mwendo wakumanzere sizinabwerere. Akadali chigonere monga munawasiyira titaika maliro a bambo.

Mudabwa kuti ndalemba kalata foni ilipo. Foni inathima Lachitatu, poti m'nyumba muno mulibe magetsi. Sanatidulire ayi, ndine amene ndikukana kuwayatsa. Ndiponso zimene ndikufuna kukuuzanizi pafoni sizingatheke. Mungandidule mawu ndisanafike n'pakati pomwe, ndimakudziwani.

Mukukumbukira bokosi la mabuleka, timaswichi todula magetsi tija, lili m'kolido, pamwamba pa chitseko cha kubafa? Ine ndimachita kukwera pampando kuti ndilifikire, pomwe bambo ankangotambasula dzanja. Pansi pa buleka iliyonse anamatapo tepi n'kulembapo ndi pensulo. Pa yachisanu analemba kuti "Mayi wa ana". Ndiyo ya masoketi a kuchipinda kwa amayi.

Nanga zomwe ankachita akaweruka kuntchito? Folo koloko yeniyeni, chipewa chili kumutu, ankagogoda kawiri pabokosilo n'kufunsa ngati alonda awo aswera bwino. Ife tinkafa nazo kuseka. Iwo ankati buleka ikagwa siinaonongeke, ikukutsina khutu, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi.

Patatha mwezi chiwaikireni m'manda, yachisanuyo inayamba kugwa. Folo koloko ikangokwana, thaa! Wailesi ya amayi zii. Ndinkakwera pampando n'kuikweza, mawa lake chimodzimodzi. Tsiku lachinayi amayi anandiyang'ana n'kunena mofatsa kuti ndisavutike, ndi bambo anga aweruka.

Nkhani inafala mumsewu wonse. Azakhali anabwera ndi anzawo kudzapemphera m'kolido, ine ndili pakati pawo, maso otsinzina, kuvomereza ameni mokweza kuposa onse.

Apa ndiye ndikuulule, ndipo mundimvere mpaka kumapeto.

Bambo ali moyo ndinawapempha kangapo kuti andikokere magetsi ku kashedi kakuseri komwe ndimasokerako. Ankati pafunika waya wonenepa ndi buleka yakeyake, adzachita akapeza mpata. Mpatawo sanaupeze. Atamwalira ndinaboola kabowo pansi pa zenera la amayi, n'kudutsitsapo chingwe chopyapyala chija tinkalumikizira fani. Ndinachilowetsa m'soketi ya kuseri kwa bedi lawo, pomwe munthu sangaone. Kushediko ndinalumikiza makina osokera, simbi yayikulu ija, ndi ketulo yowiritsira tiyi wa makasitomala.

Ndipo nthawi imene ndimasita zovala zomwe ndamaliza ndi folo koloko, chifukwa eni ake amabwera faifi akaweruka.

Ndinkadziwa, achimwene. Mumtima ndinkadziwa bwinobwino. Koma kunali kosavuta kunena kuti ndi mzimu wa bambo kusiyana ndi kuvomera kuti ndi simbi yanga. Ndinawanamizira bambo ali m'manda, ndipo ndili ndi manyazi osaneneka.

Tsiku lina nditatopa ndi kukwerakwera, ndinamanga kachogwirira ka bulekayo ndi ulusi wolimba wosokera zikwama kuti isagwe. Folo koloko, thaa! Ndinathamangira m'kolido. Kachogwirirako kanali m'mwamba, ulusi uli gwa, koma magetsi atathima. Inu amisiri mudzati ndi mmene anaipangira, imadula mkati ngakhale uigwire pakhosi. Ine sindinkadziwa zimenezo.

Ndiye kunabwera ntchito ya madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi. Ndinaitana a Zonsendimatha, bambo aja amakonza maambulera, mawailesi ndi njinga pakona paja. Anayang'ana kamodzi n'kugamula kuti bulekayo yakalamba, yayamba mantha ngati nkhalamba. Anatenga kachidutswa ka waya wofiira n'kulumphitsa magetsi kuti asadzerenso m'bulekamo. Kenako anamanga chitseko cha bokosilo ndi masikulu awiri mwamphamvu, akuti pasapezeke wina woseweretsa ntchito yawo.

Masiku asanu ndi anayi kunalibe thaa. Ine ndinkasita ndikuimba.

Koma amayi anasiya kutsegula wailesi. Folo koloko ikamayandikira ankangoyang'ana kuchitseko. Tsiku lina anandifunsa ngati ndagula nsomba, poti chipinda chikununkha. Ndinati ayi. Tsiku linanso anati khoma la kumutu kwawo likufunda ngati munthu anatsamirapo. Ndinawayankha kuti ndi dzuwa. Inu mukudziwa kuti khoma limenelo dzuwa silifikapo chaka chonse.

Lachitatu ndinali pa diresi lomaliza. Simbi inali yoyaka, ketulo ikulira, geti nditakhoma kuti ana a m'dera asandisokoneze. M'nyumba munali amayi okha. Kunja kunali kowala, dzuwa lili phwee.

Folo koloko itakwana ndinamva kugogoda kawiri kuchokera m'kolido. Go, go. Kenako ketulo inasiya kulira.

Ndinasiya simbi n'kulunjika m'nyumba. Nditalowa ndinapeza bokosi lili chitsegukire. Masikulu awiri aja anali pazenera la m'kolido, ataikidwa moyandikana, mitu yoloza kumodzi. Buleka yayikulu yozimitsa nyumba yonse inali itagwa, waya wofiira uja palibe. Mpando wokwererapo unali kukhitchini komwe ndinausiya m'mawa, beseni la mbale lili pamwamba.

Apo m'pamene ndinamva fungo. Kuchipinda kwa amayi utsi unali utayamba kuyandama pansi pa siling'i. Ndinawabereka kumbuyo n'kukawakhazika pakhonde, mphamvu zake sindikudziwa zinachokera kuti. Nditabwerera n'kukoka bedi, ndinaona soketi itasungunuka ngati kandulo, khoma lili bii. Matiresi anali akunyeka pang'onopang'ono, bowo lake ngati mbale, ndipo kuchokera pabowolo kufika papilo sipakanakwana chikhatho changa. Matiresiwo ndinawakokera pabwalo n'kuwakhuthulira ndowa ziwiri zamadzi.

Nditatha ndinagwada pamiyendo ya amayi n'kulira ngati mwana. Ndinawauza zonse, za kabowo, za simbi, za a Zonsendimatha. Anandisiya ndilire. Kenako anatambasula dzanja lawo labwino lija, ndipo m'chikhatho munali waya wofiira uja.

Ndinawafunsa kuti wawapatsa ndani. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Anati munthu wabwera wotopa kuchokera kuntchito, ndipo m'malo mopuma wayamba wakonza zoononga ana. Anati wawauza kuti asandikalipire, koma ndikuitaneni inu mubwere ndi zida.

Ndikudziwa zomwe mudzanene. Mudzati buleka yayikulu nayonso imagwa yokha waya akapanga shoti, ndipo amayi mutu wawo sunabwerere bwino chidwalireni. Ndikuvomera. Koma masikulu sadzimasula okha, ndipo amayi sangathe n'kutsika pabedi komwe.

Ndiye ndikukupemphani, bwerani. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndinu wamkulu ndipo ntchitoyi munaiphunzira pamanja a bambo. Mudzaone mawaya onse a m'makoma ndi m'siling'i, mudzaike buleka yatsopano pamalo pa yachisanu, mudzandikokere waya woyenera kushedi monga ankafunira. Mukafuna kundikalipira mudzandikalipire pamaso, ndikuyenera. Chokhacho musatumize munthu wina.

Amayi ndawasamutsira kuchipinda kwanga. Tikuphika pamakala, ndipo diresi lomaliza ndinalisita ndi simbi yamakala yobwereka. Buleka yayikuluyo sindiikhudza mpaka mutafika, ngakhale patapita mwezi. Folo koloko ikakwana ndimasiya singano n'kukaima m'kolido, mantha ali tho, komabe ndikufuna kumva. Chiyambire Lachitatu sikunagogodedwenso. Amayi akuti munthu akamaliza ntchito amapita kukapuma.

Mukagwedeza envelopuyi mumva kanthu. Ndi waya uja, sindinauwongole. Wapindidwa mozungulira ngati mphete, mchira wake atauzunguliza kawiri n'kuubisa mkati kuti usabaye mwana. Inu munanyamula chikwama cha bambo cha zida zaka zisanu ndi ziwiri. Muuyang'ane bwino, ndipo mundiuze ngati pali munthu wina padziko lino amene amapinda waya chonchi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti siketi yawo ndidzamaliza magetsi akabwerera. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Amayi akuti musaiwale juzi, m'mawa kukuzizira. Mulungu akusungeni pamapolopo, akuyendetseni bwino panjira, ndipo akufikitseni msanga.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
amene bambo ankamutcha Kasingano