Ukawerenga Ung'ambe

Kawale, Lilongwe
14 Ogasiti 2006

Okondedwa achemwali Fatu,

Salaam aleikum. Muli bwanji ku Nkhotakota kumeneko? Mwendo wa amayi uja unaphwa? Ine kuno ndili gwa, mpaka jekete ikukana kutseka.

Khalani pansi kaye. Mlongo wanu, yemwe uja munkati Sitandade 6 inamukana, tsopano ndi mlembi wa mphotho. Ku Mchesi komwe ndimawotcherera mageti anzanga akundiitana Pulofesa.

Zinayenda chonchi. Bungwe la Cholembera Chakuthwa linaika mpikisano wa nkhani zopeka. Ine mutu unali ndi nkhani zikwizikwi, koma nthawi inachepa. Ndiye ndinangotenga kalata yanu ija, yodandaula kuti alamu Abdullah anagulitsa mashini osokera n'kumanyamuka m'mawa uliwonse ngati akupita kuntchito, chonsecho akukasewera bawo. Ndinakaipereka kwa Peggy wotayipa pa Biwi. Iyeyo anatayipa zonse, ngakhale mawu anu otsiriza aja oti ukawerenga ung'ambe.

Tinapikisana anthu anayi. Woyamba anakhala mkazi wa tcheyamani. Wachiwiri anakhala bambo amene anabwereketsa mipando. Wachitatu ndine, ndipo anthu onse akuti pa amene analembadi, ine ndiye nambala wani. Wachinayi anabwerera pakhomo chifukwa analibe tayi.

Oweruza anatsala pang'ono kumenyana chifukwa cha ine. Wina anati mwamuna wa m'nkhaniyo ndamuwonjeza mchere, waulesi wotero sangapezeke padziko. Wina wamagalasi anakana, ati si mwamuna ayi koma chifanizo cha Afirika. Mlendo wolemekezeka anati anaiwerenga kawiri ndipo pamene panamuliza ndi paja mbuzi inafa. Achemwali, inu munalembamo za mbuzi?

Koma onse anagwirizana kuti mawu oti ukawerenga ung'ambe ndi luso loopsa, mpaka anawasandutsa mutu wa nkhani. Atandifunsa kuti ndinawaganiza bwanji, ndinati zimangobwera zokha. Anandipatsa satifiketi yolembedwa Sheriff m'malo mwa Sharif, ndi mabuku khumi a ndakatulo za tcheyamani. Awiri ndachirikizira tebulo.

Tsopano kavuto kake n'kakang'ono. Nkhaniyo adzaiwerenga pa wailesi Loweruka pa 26, folo koloko madzulo. Poti anati ikhale yopeka, dzina ndinasintha ndithu: Abdullah ndinalemba Abudula. Koma mudzi, mtengo wa mango wa pabawo, ndi paja munati akayasamula amaoneka ngati mlamba, zonse zilimo. Ndipo mukudziwa kuti wailesi ija alamu saisiya, amapita nayo ndi kubawo komwe.

Pempho langa ndi limodzi. Lachisanu muchotse mabatire, muwaponye m'chimbudzi. Akafuna kukagula ena, nenani kuti amayi akuwaitana kumunda. Akaimva, inu mudzapezeka kwa amayi ndi mikeka yanu, ndipo ine Idi ino ndidyera kuno. Mawailesi ena a m'mudzimo muona nokha chochita, inu ndinu anzeru chikhalire.

Mundiperekere moni kwa amayi, amalume, ana onse, ndi alamu, chifanizo cha Afirika. Poyankha musaumire mawu, mulembe zonse zimene achita chaka chino, chifukwa mpikisano wina ndi wa mabuku athunthu.

Kalata ino mukawerenga mung'ambe. Koma inuyo mung'ambedi.

Ndine mlongo wanu wotchuka,
Pulofesa Sharif