Dothi la Patsinde pa Pichesi

Lifidzi, Angónia
Mwezi wa Agosto

Wokondedwa mlongo wanga Elísio,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako, wa mlamu wanga Conceição ndi wa ana kumeneko ku Beira. Chifuwa cha kamtsikana kaja chinatha? Ife kuno tilipo, kungoti chisanu cha chaka chino chikukana kuchoka. Alamu ako akudandaula msana monga mwa masiku onse, makamaka akaona khasu. Mbatata yakudimba yachita bwino, nyemba ndiye tikumenya.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata ngati lamya kulibe. Ukaimba, amayi amakhala pambali panga atatchera khutu, ndipo zimene ndikufuna kukuuzazi sindingazinene iwo akumva. Komanso iwe pa lamya sumvetsera. Umangovomera pa Chipwitikizi kuti "ta bom, mana, ta bom," uku maganizo ali pa ntchito. Pepala ndiye ulikhalira pansi. Kalatayi ndapatsira mwana wa a Pita amene akutsika ndi chapa, minibasi ija, mawa.

Za lisensa ukudziwa kale, paja unakuwa pa lamya mpaka khutu langa linalira. Ili m'sutukesi mwanga, ndinaikulunga m'pulasitiki. Boma lavomera kuti chigawo cha munda wa amayi chichoke pa ulimi, umangepo tinyumba tako ta alendo, toti anthu a ku Tete azidzathawiramo dzuwa kuyambira chilimwe mpaka pa Natale mu Disembala.

Paja poyamba ndinkakuseka. Ndinkati ndani angalipire kuti adzagone pakati pa mapesi n'kumamva kuzizira kumene ife timakudandaula. Unandigonjetsa ndi pakamwa pakopo, ndipo kuyambira pamenepo ine ndiye ndinakhala miyendo yako. Njira ya ku maofesi a boma ku Ulongwe ndaiyenda mpaka mlonda wa pakhomo anayamba kundifunsa za ana anga powatchula mayina. Ukakwiya ndi kuchedwa kwa mapepala ndinkakuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tadekha, tawaona. Koma ine chimwemwe chandithera, ndipo ndikufuna umve chifukwa chake bwinobwino.

Pa tsiku la konsulta iwe kunalibe. Ndikunena msonkhano uja boma limaitanitsa kuti anthu a m'mudzi avomereze malo asanasinthidwe ntchito. Tekiniko, woyeza malo wa boma amene anabwera, anali munthu waulemu, wosathamanga. Anafunsa ngati m'mundamo mumadutsa njira ya anthu, anafunsa za chitsime, kenaka anafunsa ngati muli manda. Funso limeneli anafunsa atayang'ana kumene kunakhala amuna, poti nkhani za manda ndi zawo. Amalume a Mário anayankha kuti manda athu onse ali kuseri kwa phiri, m'munda mulibe ngakhale amodzi. Amuna onse anavomera. Sananame, Elísio, ananena zimene akudziwa.

Pomwepo amayi anaimirira n'kunena kuti mutu ukuwapweteka, akukagona. Amayi aang'ono a Celina anangoweramitsa nkhope n'kumatosatosa pansi ndi kamtengo. Ine ndinaona zonsezi koma sindinaganizepo kanthu, mtima unali pa mapepala.

Tsiku loyeza malo, tekiniko ananena kuti pafunika malo a fosa, dzenje lalikulu lolandira zonyansa za m'zimbudzi za alendo. Anati likhale kumunsi, kutali ndi chitsime. Amene analoza malowo ndine, ndi chala changa chomwechi. Ndinamutengera pa pichesi yakale ija ya pafupi ndi chulu, ndinamuuza kuti apa sipalimidwa, sitiluzapo ngakhale phesi limodzi. Anajambula pa mapa. Mapepala atabwera, amayi anadinda chala chawo osanena kanthu.

Malowo ukuwakumbuka. Mizere ya amayi ikafika pamenepo inkakhota n'kulambalala, ndipo tikafunsa ankati dothi lake ndi lowawasa. Ndi pomwe paja unakakumba mbewa uli mwana, amayi n'kukukwapula ndi nthambi mpaka unakabisala m'nkhokwe. Moyo wako wonse anakumenyapo tsiku lokhalo. Nkhaniyi timaiseka chaka ndi chaka ukabwera pa Natale. Tsopano ndikakumbuka ndikuona kuti amayi sanasekepo nafe ngakhale kamodzi.

Chikhomereni zikhomo a António, mmisiri wako uja, amayi anasintha. Chakudya akungolawa. Ku tchalitchi akukhala kumbuyo, nyimbo osaimba. M'mawa ankazemba kulowera kumunda opanda khasu, ine n'kumati mwina akukathyola ndiwo.

Lachiwiri lapitali ndinawatsata. Ndinawapeza atagwada pakati pa zikhomo zija, akupala dothi ndi phale n'kumaliika pa chitenje chimene anayala pansi. Ankapala pang'onopang'ono, n'kumalipukusa m'manja ngati akufuna kanthu. Kenaka anamanga chitenjecho, anawerama, n'kuchiponya kumsana. Anabereka dothi, Elísio. Anamanga mfundo pachifuwa, dzanja limodzi n'kuchirikiza kumbuyo monga timachitira ndi khanda. Atatembenuka anandiona. Sanadzidzimuke. Anangonena kuti usamuuze mlongo wako, n'kundidutsa.

Sindinawatsate, ndinalunjika kwa amayi aang'ono a Celina. Poyamba anakana, amvekere za akuluakulu sizifunsidwa. Ndinawauza kuti nane ndine wamkulu, ndili ndi zidzukulu, ndipo sindichoka pakhomo pawo. Ndiye anandilowetsa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Akuti kutatsala chaka kuti tithawire nkhondo ku Dedza, amayi anachira mwana wamwamuna. Miyezi inali itakwana, koma mwanayo sanalire. Anali mtayo. Ukudziwa mwambo wake, kapena mwina sukudziwa poti ndiwe mwamuna. Mwana wotere saikidwa kumanda, sapatsidwa dzina, samulira maliro, amuna sayandikira. Anamutenga agogo, azamba ndi a Celina, n'kukamuika kumunsi kwa munda pafupi ndi chulu. Kadzenje kake kanali kosaya, poti amati ukakumba mozama watseka mimba ya mayi wake. Amayi anawasiya pamphasa n'kuwalangiza kuti akangogwetsa msozi sadzaberekanso.

Ndiye sanalire. Ine ndinali kamwana, anandiuza kuti amayi akudwala malungo. Malemu bambo athu a Mateus ankadziwa kuti mwana anapita, koma malo ake anamwalira osawadziwa, chifukwa amuna sauzidwa. Patapita nthawi iwe unabadwira ku Dedza. Titabwerako munda wonse unali tchire. A Celina anawalondolera malowo poyang'ana chulu, ndipo amayi anakwirirapo nthangala ya pichesi. Mapichesi amene tinkalimbirana aja ndi amenewo.

Ndinawafunsa a Celina mokalipa kuti nanga pa konsulta paja anakhaliranji chete. Anandiyang'ana n'kundifunsa kuti kodi mwana wa boma uja anafunsa chiyani. Anafunsa manda, ndipo paja si pamanda, mwambo sutchula choncho. Anati mkazi angaimirire bwanji pakati pa amuna ndi alendo n'kuyamba kutchula za mtayo. Agogo anapita, azamba anapita, odziwa anatsala awiri okha, ndipo amayi, eni ake nkhani, anali atanyamuka.

Madzulo ake ndinakhala ndi amayi pakhonde tikusankha nyemba. Ndinawauza kuti ndamva zonse. Anapitiriza kusankha nyemba. Kenaka anati sanapeze kanthu, ngakhale kafupa. Anati mwana wotere amakhala madzi okhaokha, nthaka inamwa kalekale. Ndiye akungotuta dothi lake pang'onopang'ono, akukaliunjika kuseri kwa khitchini yawo, kuti anthu okumba akamabwera apeze atamuchotsapo.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiletsere tsiku lija ndinkaloza malo. Anati pepala la boma silifufutika, ndipo chala anadinda okha. Anati Elísio wavutika nazo zaka zonsezi, asamutsekere njira chifukwa cha munthu amene sanapumepo mpweya. Mawu awo enieni anali akuti: "Wamoyo ndiye afuna malo, mwanawe. Winayu ndingomusuntha."

Ndiye anandiuza chinthu chimene chikundilepheretsa kugona. Anati asanamukulunge anangoona tsitsi lokha, lambiri, lakuda ngati la bambo. Anati sanamuyamwitse, sanamusambitse, ndipo sanamuberekepo kumsana mpaka sabata ino. Ine ndinalephera kudzigwira, ndinalira. Amayi anandigwira mkono mwamphamvu n'kundiletsa, akuti ameneyu saliridwa. Mayi wa imvi mutu wonse, woti za kubereka anaiwala kalekale, akuopabe lamulo lija.

Ndakwiya, mlongo wanga, ndipo sindikudziwa woti ndimukwiyire. Ndakwiyira mwambo umene umatseka mayi pakamwa. Ndadzikwiyira ndekha ndi chala changa chofulumira, mkazi mnzawo amene ndalima nawo munda umenewu moyo wanga wonse osafunsitsa chifukwa chimene mizere imakhotera. Nawenso ndinakukwiyira pang'ono, ngakhale ulibe mlandu. Unafuna zabwino, kuti munda wa amayi uziwadyetsa iwo atakhala pansi.

Lachinayi ndinabwerera ku Ulongwe kukaonana ndi tekiniko uja. Ndinamuuza zoona zonse, manyazi ndinawasiya panjira. Anavula magalasi. Anati akanadziwa sakanajambula pamenepo, ndipo kwawonso amayi ake anamuuzapo za mwambo wotere. Anati fosa itha kusunthidwa, koma osati ndi pakamwa. Ayenera kubweranso kudzayeza, mapa ajambulidwe ena, mapepala apitenso ku Tete. Sanandinamize, anati zimenezi sizingathe mvula isanagwe. Ndipo popanda fosa yovomerezeka, tinyumba sitingalandire mlendo.

Ndiye kuti chaka chino chapita. Ndikudziwa tanthauzo lake kwa iwe. Ndikudziwa kuti anzako a ku Tete unawalonjeza kale kuti adzakhala alendo oyamba dzuwa likafika poipa. Mabedi a alendo unagula aja ali m'chipinda mwanga mpaka kudenga, ndimawaona tsiku lililonse. Ndikudziwanso mmene mlamu wanga wadzimanira kuti zimenezi zitheke. Sindikuchepetsa chilichonse mwa izi.

A António anati abwera Lolemba ndi anyamata awo kudzadula mtengo n'kuyamba kukumba. Ndinawauza kuti adikire. Anayankha kuti iwo amamvera mwini ntchito, osati alongo ake. Ndinawauza kuti akabwera ndi piki adzandipeza nditakhala patsinde, ayambe akumba ineyo. Anaseka, koma ataona nkhope yanga anasiya. Avomera kudikira mawu ako sabata imodzi.

Lisensa ili m'dzina lako, ndiye mawu otsiriza ndi ako. Amayi sadzakupempha, ndipo ukawafunsa pa lamya adzakuuza kuti zonse zili bwino, kumba mwanangu. Adzapitiriza kututa dothi mpaka msana uwakanike, kenaka adzakhala pakhonde n'kumaonerera alendo akulowa ndi kutuluka m'zimbudzi zija. Sadzanena kanthu mpaka tsiku lowaika. Ine zimenezo sindingazipirire.

Pempho langa ndi ili. Uwaimbire a António uwauze kuti zikhomo zija azule. Ukatero upemphe masiku kuntchito ubwere, ngakhale awiri okha. Usabwere ndi mphatso, usabwere ndi mawu ambiri monga umachitira. Udzangowatenga amayi, mutsikire limodzi kumunsi kwa munda, udzawathandize kubweza dothi lija pamalo pake. Ndikudziwa kuti mwambo umati mwamuna sayandikira. Koma iwe unayandikira kale uli mwana, ndipo chikwapu chake unalandiriratu.

Ine akundiletsa kulira, a Celina sangayambe. Ndaganiza kuti munthu mmodzi yekha amene angawamasule ndiwe. Anawauza kuti akalira sadzaberekanso, ndiye anameza misozi kuti iwe ubadwe. Ukadzaima pamaso pawo, wamtali ngati bambo, ndi ana ako atatu, udzawauze kuti amayi ndabadwa kale, palibenso choopa. Mwina adzalira. Akhala akudikira nthawi yaitali kwambiri.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga, umuwerengere kalatayi ngati ukuona kuti n'koyenera, iye ndi mayi adzamva. Ana uwauze kuti azakhali awasungira mtedza. Alamu ako akupereka moni, a Celina nawonso, ngakhale akuopa kuti uwakwiyira. Amalume a Mário sindinawauze kanthu, ndikudikira iwe. Mulungu akusunge pa ntchito ndi panjira, ndipo akupatse mtima wofatsa powerenga izi.

Pichesi ija yachita maluwa sabata ino, mtengo wonse, zikhomo zili m'munsi mwake.

Ndine mlongo wako,
Rufina,
woyamba mwa ana atatu a amayi.