Mutu wa Apongozi M'manja Mwanga

Jindabyne, mwezi wa Ogasiti

Achemwali anga a Esinta,

Landirani moni wochokera kuno kuphiri. Kaya muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, bondo lija lasiya kuwavuta? Ine, amuna anga a Rowan ndi mwana wanu Tadala tili bwino, kungoti manja anga ang'ambikanso ndi kuzizira monga amachitira chaka chilichonse.

Chipale chaka chino chinachedwa, koma chitangogwa anthu a ku Sydney anakhamukira kuno ngati kukugawidwa zaulere. Ine ndikadali pantchito yanga ija yokweza anthu pamipando ya pachingwe yopita nawo pamwamba pa phiri. Tsiku lonse pakamwa pamauma ndi mawu omwewo: khalani mpaka kumbuyo, tsitsani chitsulo chotchingira, musagwedeze mpando. Chimene sindimvetsa mpaka lero n'chakuti munthu wandevu zake amamanga mwana helemeti mosamala, koma iye n'kukana kutsitsa chitsulo pamene miyendo ikulendewera pamwamba pa mitengo. Ndinafunsapo mmodzi, anati chitsulocho n'cha alendo. Chonsecho iyeyo anali atafika dzulo lake.

Nkhani yeniyeni imene ndakulemberani ndi ya apongozi anga aamuna, a Merv. Zaka zonsezi akhala akundichonderera kuti ndizingowatchula dzina, ine n'kumakanika. Ndimati bambo, basi. Pa Khirisimasi akafuna kundikumbatira ndimazemba n'kukatsuka mbale, iwo n'kumauza anthu kuti mkazi wa Rowan amawathawa ngati ali ndi mphere.

Lachiwiri la sabata yatha linali tsiku langa lopuma, ndiye anandiitana kuti tikatsetsereke limodzi. Iwowo anabadwira konkuno, ndipo masikii, timatabwa ta kumapazi totsetserekera pachipale, anayamba kuvala asanayambe sukulu. Tili pampando tikukwera, anandichenjeza okha kuti dzuwa la dzulo lake linasungunula chipale pamwamba kenako chinaumanso, choncho pena pakhala poterera koopsa. Anatsogola kuti ndizitsata mmene akudutsa. Pokhota pafupi ndi mitengo ya bulugama masikii anawathawa, anagwa chagada n'kuseseleka mpaka mutu unakagunda tsinde.

Ndinawapeza atagona, helemeti itang'aluka, koma maso ali tcheru. Anati palibe chimene chachitika, ndingowadzutsa msanga anzawo asanawaone, ndipo anatambasula dzanja. Mukudziwa mmene timachitira kwathu munthu akagwa. Umathamanga, pepani pepani, kumudzutsa n'kumusasa fumbi. Ine ndinali nditawerama kale. Koma manja atafika pafupi ndi m'khwapa mwawo anangoima okha. Awa ndi apongozi, ndiwagwira pati? Ndinakhala chiweramire ngati chitsiru, maso akufunafuna mwamuna woti ndimuitane.

Pamenepo ndinamva mawu kuchokera m'mwamba. Chingwe cha mipando chimadutsa pamwamba pa malo amenewo, ndipo Bronte, mtsikana wa gulu lopulumutsa ovulala, anali akukwera.

“Ziona, usawadzutse! Zika masikii ako mopingasa kumtunda kwawoko, kenako uwagwire mutu. Asatembenuke ngakhale pang'ono!”

Mpando unapita naye akukuwabe. Ndinazika masikii mopingasa kuti otsika aone kuti pagona munthu, n'kugwada kumutu kwawo, dzanja ili mbali ino, lina mbali inayo. Achemwali, nkhope ya apongozi inali pansi pa nkhope yanga. Ndinasowa koyang'ana. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti maso awo ndi otuwa, ndiponso kuti ali ndi chipsera pachikope chimene sindinachionepo.

Manyaziwo sanakhalitse. Atandiuza kuti zala za kumanzere zachita dzanzi, ndinagwidwa ndi mantha enieni. Kenako ndinamva khosi lawo likulimba m'manja mwanga, akufuna kudzutsa mutu kuti aone miyendo.

“Bambo, mukangogwedezeka ndikukhalirani pachifuwa. Gonani choncho!”

“Aa, kani umadziwa kukalipa? Ine ndimayesa Rowan amakunamizira.”

Ndinaseka misozi ikutuluka, koma manja sindinachotse. Bronte anafika ndi anzake akukoka chileyi, anawamanga chogwiriziza khosi, ndipo sanandilole kusiya mutuwo mpaka onse atagwira mbali zawo. Podzuka, mawondo anga anali atafa moti anachita kundikoka.

Kuchipatala ku Canberra anapeza kuti fupa lina la m'khosi linang'aluka. Adokotala anauza a Rowan kuti bambo akanangokhazikidwa tsonga, fupalo likanatha kusuntha, mwina osadzayendanso. Tinadikira masiku angapo mitima ili m'mwamba. Dzulo anaimirira, namwino atawagwira mkono, n'kuyenda mpaka pawindo. A Rowan analira ngati mwana, inenso sindinadzigwire.

Chikundizunguza mutu ndi ichi. Zoti wogwa sadzutsidwa anatiphunzitsa kuntchito, chaka ndi chaka timabwereza, ndipo ineyo ndauzapo anthu ena. Koma tsiku limenelo zonsezo zinauluka m'mutu. Chimene chinagwira manja anga ndi mwambo umene amayi anatiuza tisanakwatiwe, umene kuno anthu amandiseka nawo. Ndakhala ndikuganizanso za anthu amene amagwa pa kabaza kwathuko, mmene timawanyamulira manja ndi miyendo chifukwa cha chisoni. Kodi onse amene sayendanso aja, ndi ngozi yokha imene inawapundula? Sindikudziwa, koma funso limeneli likundisowetsa mtendere.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Sabata yamawa bambo atuluka, ndipo abwera kudzakhala kwathu, poti apongozi aakazi anatisiya kale. Chogwiriziza khosicho avala kwa miyezi ingapo. A Rowan amalawirira ku makina osalaza chipale, choncho wowameta ndevu, kuwaveka malaya ndi kuwamanga nsapato ndikhala ineyo. A Rowan anati tipeze munthu wodzathandiza, koma eni ake anakana, akuti mutu wawo unazolowera manja amodzi.

Ndiye mundifunsire kwa amayi kuti mkamwana amachita bwanji zoterezi popanda kutaya ulemu. Kodi kwathu zinachitikapo? Muwauze atakhala pansi, pang'onopang'ono, ndipo musawabisire kuti ndinawakalipira apongozi pamaso pa anthu. Chimene anene ndichimva, ngakhale kundidzudzula kumene.

Moni kwa alamu, kwa amalume, kwa azakhali ndi kwa ana onse. Tadala akuti inu amayi ake aakulu mumutumizire chithunzi cha mbuzi yake ija.

A Merv nawonso akupereka moni kwa amayi. Dzulo lomwelo anandifunsa chifukwa chimene sindinawadzutsire pamene iwo anachita kundipatsa dzanja. Ndinawafotokozera zonse, maso ali pansi. Atamva, anati ndilembe kuti mayi amene sanaonane nawo n'kamodzi komwe ndi amene awayendetsa mpaka pawindo paja.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Ndaziona