Korali Wayera

Lachiwiri, 4 Marichi
Anamalira onse apita. M'chipinda cha mwanangu mwatsala bedi, mabuku ake a zam'nyanja, ndi thanki yagalasi ya madzi amchere. M'katimo korali, nthambi ngati zala, mtundu ngati tiyi wamkaka. Ine ndinkati mwala. Iye kuseka: "Amayi, ndi nyama imeneyo, muzilemekeza."
Nyale ya thanki imayaka yokha m'mawa, anaitchera choncho. Kuwala kwabuluu pansi pa chitseko, ngati wadzuka kale, akuwerenga.

Lachisanu, 7 Marichi
Bambo ake azula chingwe cha nyale, atseka makatani. "Sindingamadutse pakhomopa mukuyaka." Sindinatsutse. Pampu yokha, kung'ung'udza.

Loweruka, 29 Marichi
Ndinalowa kukapukuta fumbi. Korali wayera mbee, ngati fupa.
Ndatsegula buku lake. M'mnofu wa korali mumakhala ndere zazing'ono zosaoneka ndi maso. Ndizo zimam'patsa mtundu, ndizo zimam'pangira chakudya kuchokera ku kuwala. Zikatha, mnofu umasanduka ngati galasi, mafupa nkumaonekera. Akadali moyo, koma njala ikumudya. Tam'mana ndife.
Chinthu chamoyo chokha chimene anatisiyira. Ndabwezera chingwe.

Lachitatu, 2 Epulo
Bambo ake sakundilankhula. Lero mawu awiri okha: "Ukudyetsa mwala."
Kunabwera mnzake wa mwanangu wa ku labotale, mnyamata wamtali. Pakhomo anayamba kuitana dzina la mwanangu, nkudzigwira pakamwa. Wabweretsa kanthambi ka korali wamoyo, wakaika pambali pa wathu. "Mayi, musalire msanga, ena amabwerera."

Loweruka, 3 Meyi
Timadontho ta mtundu pansonga za korali wathu. Ndikawaza chakudya, timilomo tambirimbiri timayasama pamodzi, mwakachetechete. Ndimachotsa dzanja msanga, sindidziwa chifukwa.
Pampando wa pafupi ndi thanki ndapeza magalasi a bambo ake.

Lamlungu, 8 Juni
Mtundu wadzaza nthambi zonse. Koma si wa tiyi uja. Ukupita kobiriwira.
Wamtali akuti mwina ndere zakale zinatheratu, izi nzochokera ku kanthambi kaja, zangopeza nyumba yopanda anthu nkulowa. "Wapulumuka, mayi," anatero akusangalala. Ndinathokoza. Thupi lomwelo, okhalamo ena.

Lachinayi, 12 Juni
Sindikulowamonso. Bambo ake ndiwo amalowa, nyale ikangoyaka, nkutseka chitseko. Ayambanso kudya bwino, amandipatsa moni, dzulo anameta ndevu. Ndiyenera kukondwa.
M'mawa uno ndinaima pakhomo ndi kapu yawo ya tiyi. Amalankhula motsitsa, ndi mawu aja a bambo kwa mwana wodwala. Anafunsa kanthu. Kenaka zii, kwa nthawi ndithu, monga achitira munthu amene akumvetsera.
Ndiyeno anaseka, nkuti: "Ayi, amayi ako sanakonzekebe."